Phukusi la mwana wa ku koleji lisamudwalitse

Ana athu ena a kuno kunyanja, a ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, tsopano akuphunzira ku Lilongwe. Ena ali ku NRC, nthambi ya LUANAR imene ili cha ku msewu wa ku Mchinji, ena ku Namitete Technical College. Akamanyamuka timawamangira usipa, ufa ndi nsinjiro, n'kuwalangiza za mabuku ndi khalidwe. Za kasungidwe ka chakudya sitinenapo kanthu, poganiza kuti munthu wofika ku koleji akudziwa kale. Ine ndikuti ayi. Mayeso atha kukhoza bwinobwino, koma chizolowezi cha pa mphika amachitenga kwa ife.

Taonani mmene ambiri akukhalira. Amachita lendi kachipinda, awiri kapena atatu, mbaula imodzi, furiji palibe. Amaphika mpunga ndi nyemba usiku, m'mawa n'kudya mkute wozizira akuthamangira m'kalasi. Chakudya chophika chikakhala maola ambiri pofunda, tizilombo timaswana ngakhale fungo lisanasinthe. Mwana aphunzire kuphika chongokwanira. Chikatsala avundikire, ndipo asanadye atenthetse mpaka chitulutse nthunzi. Pa chiwaya amafunsa ngati nyama ndi ya halaal, ndipo amachita bwino. Koma aonenso ngati yapsa mpaka m'kati, ndi madzi amene akutsukira mbale.

Mtedza nawo ufunika maso. Ku Mpingu, Namitete, Nsaru ndi Kabudula amalima mtedza wambiri, ndipo mwana wa sukulu wosowa ndalama amathamangira wotchipa, wosweka ndi wofota. Mmenemo ndi mmene mumabisala chuku. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Munthu samva kanthu tsiku lomwelo, koma pang'onopang'ono chiwindi chimaonongeka, ena mpaka khansa. Akatswiri a ICRISAT ku Chitedze akhala akuchenjeza alimi kuti asamanyowetse mtedza pofuna kuti usweke msanga. Ifenso tisiye kugulitsa wabwino n'kusinjira mwana wotsalira posankha. Mtedza kapena chimanga cha chuku n'chotaya basi.

Usipa umene tikumutumizira uume pa thandala, osati pa mchenga pamene pakudutsa nkhuku ndi agalu. Uume ndithu, chifukwa wosauma bwino ukamangidwa m'pepala la pulasitiki umachita nkhungu pa masiku ochepa. Ndipo mankhwala osungira chimanga kapena opopera mbewu asayandikire nsomba. Amene mumathira kuti ntchentche zithawe, dziwani kuti wodya nsombayo ndi mwana wa mnzanu amene bambo ake adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi.

Sitinaiwale kolera imene idayamba mu March 2022. Idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tidaika maliro ambiri. Mu January 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu za pulayimale ndi sekondale ku Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mliriwo. Matendawa amayenda ndi madzi akuda ndi manja osasamba, ndipo safunsa ngati munthu ali ndi digiri. M'phukusi mwa mwana muikemo sopo, mankhwala othira m'madzi akumwa, ndi mapaketi a Thanzi ORS. Akayamba kutsegula m'mimba kwambiri amwe Thanzi n'kuthamangira kuchipatala, asadikire kuti kuche.

Ena muti, a Shehe, ndalama ikuvuta, mwana angataye bwanji chakudya? N'zoona, makala ndi sopo zakwera mtengo. Koma werengerani bwino: makala otenthetsera mkute ndi ochepa poyerekeza ndi ndalama ya mankhwala ndi ya minibasi yokamuona akagonekedwa. Mwana akadwala sabata ya mayeso, fizi ya chaka chonse yapita m'madzi.

Tchuthi chikubwerachi, musangomufunsa za malikisi. Mutengeni ku thandala ndi ku nkhokwe, asankhe nanu mtedza, aphike inu mukuona, anyamata ndi atsikana omwe. Akulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma kamangidwe kake mwana amaphunzira kwa makolo.