Green Bay Packers: mlowam'malo amamusankha mwini mpando akadali ndi mphamvu

Pa 26 Okutobala 2025 ku America, kuno kwathu kuli m'bandakucha wa tsiku lotsatira, ndinali maso pa foni kutsatira masewero a ligi ya NFL pakati pa Green Bay Packers ndi Pittsburgh Steelers. Packers inapambana 35-25. Koma chimene chinandichotsa tulo si mapointi ayi. Mbali ya Packers kunali Jordan Love, pomwe ku Steelers kunali Aaron Rodgers wa zaka 41, mkulu amene Love anatenga malo ake.

Kwa inu amene mpira wa ku America simunauzolowere, quarterback ndi wosewera amene amalandira mpira nthawi iliyonse timu ikamayamba kuukira, n'kusankha woti amuponyere. Ndiye ubongo wa timu. M'bwalo amakhalamo mmodzi yekha basi, ndipo wabwino amatha kukhala pamalopo zaka 15. Akachoka timu isanakonzeke, makochi amathera ntchito pomwepo.

Packers ili ndi kachitidwe kake. Mu 2005, pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankha anyamata ochokera m'makoleji, inatenga Rodgers pa nambala 24. Apo n'kuti Brett Favre, amene anakhala pamalopo kuyambira 1992, akusewerabe. Rodgers anakhala pa benchi zaka 3. Mu 2008 Favre analengeza kuti wapuma, kenako n'kusintha maganizo, koma akuluakulu a timu anakana kubwerera m'mbuyo ndipo anamutumiza ku New York Jets. Sizoni yoyamba ya Rodgers, timu inangopambana masewero 6 mwa 16, masapota n'kumatukwana. Mu Febuluwale 2011 mnyamata yemweyo anawabweretsera chikho cha Super Bowl.

Mu 2020 anachitanso zomwezo. Timu inali itangotsala sitepe imodzi kufika mu Super Bowl, ndipo aliyense ankayembekeza kuti Rodgers amupezera wina wowakha mipira. M'malo mwake bwana wa timu, Brian Gutekunst, anatenga Love wa ku Utah State pa nambala 26. Rodgers sizinamusangalatse, ndipo anayankha ndi mpira: anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi mu 2020 komanso 2021. Komabe mu Epulo 2023 naye anamutumiza ku Jets, ngati Favre uja. Love, atadikira zaka 3, anafikitsa timu mu ndime ya chipulula sizoni yake yoyamba n'kuthibula Dallas Cowboys 48-32 pakwawo.

Zikumveka ngati nzeru zokhazokha eti? Ayi, walira mvula walira matope. NFL ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi, ndipo anyamata atsopano amalandira zochepa pa kontrakiti yawo yoyamba. Matimu ambiri amaseweretsa quarterback wachinyamata msangamsanga kuti ndalama zotsalazo agulire akatswiri m'malo ena. Packers zaka zotchipazo inazithera pa benchi. Love atangosewera sizoni imodzi yathunthu, mu 2024 anasaina kontrakiti ya zaka 4 ya madola 220 miliyoni. Palinso funso limene masapota ena sadzasiya kufunsa: nambala 26 ija ikanapita kwa wosewera wothandiza Rodgers, kodi sakanatenga chikho china? Kuyambira 1992, Favre ndi Rodgers anapatsa timuyi zikho za Super Bowl ziwiri zokha.

Ngakhale zili choncho, ine ndili mbali ya Gutekunst. Tangoonani Steelers yomweyo. Ben Roethlisberger anapuma kumayambiriro kwa 2022 popanda amene anakonzedwa kulowa m'malo mwake. Anayesa Kenny Pickett, sizinayende. Anabweretsa Russell Wilson kwa chaka chimodzi. Mapeto ake anakagogoda kwa Rodgers, yemwe Packers inali itamutsanzika kale. New England Patriots nayo inasowa pogwira Tom Brady atachoka mu 2020, mpaka kochi Bill Belichick anachoka mu Januwale 2024 timu itangopambana masewero 4 okha.

Zoona zake n'zakuti mtengo umalipira ndithu, kusiyana kwake ndi nthawi yolipirira. Ukasankha mlowam'malo msanga, umakhumudwitsa katswiri wako ndipo masapota amakunena zaka zitatu. Ukadikira mpaka mkulu atafooka, umasankha uli pa mpanipani, ndipo wosankha mothamanga amangotola chimene chilipo.

Love anabadwa mu 1998, ndiye nthawi akadali nayo. Koma tsiku lina, mwina akusewera bwino kuposa kale lonse, adzamva dzina la quarterback wina likutchulidwa pa draft. Tidzaone ngati pa tsikulo adzakumbukire kuti nayenso analowa pakhomo lomwelo.