Dzina Limene Linatsekera Aphunzitsi M'khola

Ku Hong Kong ndi ku Guangzhou, munthu akaona akuba, anthu a juga ndi ambanda ataunjikana pamodzi, amati awo ndi "ngau gwai se san". M'cinenero ca Cikantoni mauwa atanthauza ziwanda za ng'ombe ndi mizimu ya njoka. Alipo ena amene akuti awa ndi mau a m'misika cabe, opanda mano. Ife tikukana kwamtuwagalu.

Mauwa ndi akale ndithu. Mlembi Du Mu, m'zaka za m'ma 800, anawagwiritsa nchito pofotokoza ndakatulo zacilendo za Li He, ndipo palibe anafa nawo. Koma pa 1 June 1966 nyuzipepala ya People's Daily ya ku Beijing inalamula kuti ziwanda za ng'ombe ndi mizimu ya njoka zisesedwe zonse. Kodi ziwandazo zinali ndani? Kodi anali akuba? Iai! Anali aphunzitsi, madokotala, alembi ndi atsogoleri akale a Cipani. Anyamata ndi atsikana a Red Guards anawameta mbali imodzi ya mutu, nawaveka zisoti zazitali za mapepala, nawatsekera m'zipinda zimene anazicha makola a ng'ombe. Munthu akachedwa ng'ombe, ndani angamfunire bwalo la milandu?

Mai Bian Zhongyun, waciwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya atsikana mu Beijing, anamenyedwa ndi ana a sukulu yao yomweyo mpaka kufa pa 5 August 1966. Mwezi womwewo mlembi wochuka Lao She, atamenyedwa ndi kunyozedwa pagulu, anapezeka wakufa m'nyanja ya Taiping. Ngakhale mtsogoleri wa dziko, Liu Shaoqi, sanapulumuke: anafera m'manja mwa omsunga ku Kaifeng mu 1969, osaimapo pamaso pa woweruza.

Sitiiwala kuti kuyambira mu 1970 ana a China anali kukhetsa thukuta pa njanji ya TAZARA mpaka inafika ku Kapiri Mposhi. Tiwayamika. Koma amene afuna kuti tikhale cete cifukwa ca ubwenzi umenewu akuposa eni ake maliro pa kulira. Cipani ca Cikomyunizimu ca China, mwini wake, cinagamula mu June 1981 kuti zaka khumi zija zinabweretsa kuonongeka kwakukulu koposa konse kucokera mu 1949.