Zikomo adokotala, munaona kuti chidendene ndi mimba ndi matenda amodzi

Adokotala,

Ndikulemba kuchokera kuno kwa Mwase ku Kasungu. Ndasankha kukuthokozani poyera kuti alimi anzanga amve nawo.

Amuna anga akhala akutsekula m'mimba mwa magazi kwa zaka, ife n'kumati ndi kamwazi. Bondo ndi chidendene zitayamba kutupa, aliyense anati ndi nyamakazi ya ntchito, poti munthu wa fodya amakhala chiweramire kuyambira ku nazale mpaka kudinda mabelo opita ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Ankangomwa bulufeni ndi indosidi, osadziwa kuti mankhwala amenewa amatha kukulitsa zilonda za m'matumbo.

Titatumizidwa kwa inu ku Lilongwe, munayamba mwatsimikiza kuti si TB ya m'matumbo kapena likodzo. Munaunika m'matumbo ndi kapaipi ka kamera n'kupeza ulcerative colitis, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira matumbo a mwini wake. 

Koma chimene ndikuthokozera kwambiri n'chakuti munawafunsa chifukwa chimene ankatsimphinira. Munatenga makina a sikani, omwe ife timati ndi a amayi oyembekezera okha, n'kuwaika pachidendene. Tinaona ndi maso athu mtsempha utanenepa pamene umagwira fupa, timadzi tili m'bondo, ndi timadontho tofiira tosonyeza magazi ochuluka pamalo otupa. Munatiuza kuti kutupaku ndi mimba ija ndi matenda amodzi, komanso kuti X-ray imaonetsa bwino fupa, koma kutupa kongoyamba kumene imakuphonya. Sikaniyo inalibe ululu, ndipo sinatenge nthawi. Tsiku limenelo amuna anga anasiya kudziona ngati waulesi, pakuti zoti akuthawa khasu zinali zitayamba kumveka pamudzi, ndipo zinkawapweteka kuposa bondolo.

Munawaletsa mankhwala ogula okha aja n'kuwapatsa sulfasalazine, yemwe amathandiza matumbo ndi mfundo zomwe. Lero akuyenda okha kupita kuchigafa.

Pempho langa lipite ku Unduna wa Zaumoyo. Lilongwe ndi kutali, thiransipoti yake imadya ndalama ya feteleza. Makina a sikani alipo kale m'zipatala za maboma. Phunzitsani madokotala athu a ku Kasungu kuunikira nawonso mfundo.

Inu alimi anzanga, ngati mimba ya magazi ikubwerabwera ndipo mawondo, zidendene kapena msana zikupweteka, kawauzeni adokotala zonse pamodzi, musabise china.

Ine wanu,
Mayi wa kwa Mwase, Kasungu