Ralph Dodge: mmishonale amene anakonzeratu omulowa m'malo

Nkhani ya amishonale timaikamba mwaulesi. Ena akangomva za mzungu amene anabwera ndi Baibulo, mlandu watha kale: anali kalambulabwalo wa atsamunda, anatiphunzitsa kutsinzina popemphera kuti anzake atilande nthaka. Ena, makamaka pa zikondwerero za mipingo, amawatchula ngati angelo amene sanapondepo matope. Mbali zonse ziwiri zimaopa chinthu chimodzi, kutchula munthu mmodzi ndi dzina lake, chaka chake, ndi zimene anachita zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Ine nditchula mmodzi, Bishopu Ralph Edward Dodge wa mpingo wa Methodist, ndipo ndinena poyambirira pomwe kuti amene amaika bambo ameneyu m'thumba limodzi ndi Cecil Rhodes sanawerenge mbiri yake.

Muyeso wanga ndi wapafupi. Munthu wobwera akapatsidwa mpando pakati pa eni dziko, timuone ngati anakonza eni dzikowo kuti autenge, ndiponso ngati nthawi itakwana anadzukapo. Ambiri amene anamanga masukulu ndi zipatala zabwino amalephera pa muyeso umenewu. A Dodge sanalephere.

Anabadwa mu 1907 ku Iowa, m'dziko la America, kubanja la alimi. Anaphunzira ku Taylor University, kenako za ubusa ku Boston University, ndipo pambuyo pake anatenga digiri yapamwamba ku Hartford. Mu 1936 iwo ndi mayi akunyumba kwawo, a Eunice, anafika ku Angola, dziko limene Apwitikizi ankalilamulira ndi dzanja lolemera. Kumeneko munthu wakuda ankagwidwa kukagwira ntchito yokakamiza m'minda ya khofi ndi ya thonje, ndipo boma linkawayang'ana ndi diso lofiira amishonale amene sanali Akatolika. Pakati pa anyamata amene anagwira ntchito pafupi ndi a Dodge panali mwana wa mbusa wa Methodist, dzina lake Agostinho Neto. Mnyamatayu anapita ku Portugal mu 1947 kukaphunzira udotolo, mpingo unamuthandiza pa maphunzirowo, ndipo mu 1975 anakhala mtsogoleri woyamba wa Angola wodzilamulira.

Kuchokera mu 1950 a Dodge anali ku New York, akuyang'anira ntchito za mpingo wawo mu Africa. Mu 1956 msonkhano waukulu wa Amethodist a mu Africa unawasankha kukhala bishopu. Apa pali mfundo imene anthu amaidumpha. Mabishopu am'mbuyomo ankasankhidwa ku America n'kutumizidwa kuno. A Dodge anasankhidwa ndi msonkhano wa mu Africa momwe, mmene munali nthumwi zakuda. Dera lawo linali lalikulu zedi, kuphatikizapo Angola, Mozambique ndi Southern Rhodesia, ndipo likulu lawo linali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, umene pa nthawiyo unalinso likulu la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Mpingo umene anaupeza ku Rhodesia unali ndi masukulu otchuka ndi zipatala ku Old Umtali, Mutambara ndi Nyadiri. Koma makiyi anali m'manja mwa azungu. Woyang'anira mishoni, mkulu wa sukulu, wosunga chuma, pafupifupi onse anali amishonale. Mbusa wakuda wa imvi ankatha kuima pakhonde kudikira kuti mmishonale wamng'ono kwa iye amalize kudya. A Dodge anayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono: kuyenda m'galimoto imodzi ndi abusa akuda, kudya ndi kugona m'nyumba zawo akamayendera mipingo. M'dziko limene lamulo la 1930 linagawa nthaka potengera khungu, bishopu wachizungu kugona m'nyumba ya munthu wakuda sichinali chinthu chaching'ono, ndipo amishonale anzawo ena sanakondwere nazo.

Chachikulu chinali maphunziro. A Dodge anaona kuti kunena kuti "tsiku lina Aafirika adzatsogolera mpingo" n'kopanda pake ngati palibe amene akuwakonzekeretsa. Sukulu ya ukachenjede ya ku Salisbury inangotsegulidwa mu 1957 ndipo malo a ophunzira akuda anali ochepa kwambiri. Choncho anafunafuna ndalama ku America n'kuyamba kutumiza anyamata ndi atsikana ambirimbiri kunja, ena kukaphunzira za ubusa, ena uphunzitsi, udotolo, malamulo ndi zaulimi. Sanangosankha oti adzalalikire paguwa. Ankafuna anthu oti adzayendetse sukulu, chipatala, ngakhale boma. Mmodzi mwa iwo anali mbusa wachinyamata Abel Muzorewa, amene ananyamuka mu 1958 kupita ku Central Methodist College ku Missouri, kenako ku Scarritt College ku Nashville. Ophunzirawo akabwerako, a Dodge ankawapatsa maudindo amene kale anali a azungu okha. Pamenepa m'pamene ambiri ankagwa. Kuphunzitsa munthu n'kosavuta kusiyana ndi kumusiyira ofesi yako.

Zimene ankaganiza sanazibise. Buku lawo la 1964, The Unpopular Missionary, linadzudzula amishonale anzawo poyera: kuti ankalalikira ubale koma akukhala motalikirana ndi anthu amene ankawatumikira, kuti ankagwiritsitsa ulamuliro, ndiponso kuti ankakhala chete pamaso pa tsankho poopa kukwiyitsa boma. Zimene achinyamata a lero amanena pa Facebook ngati atulukira chinthu chatsopano, mmishonale ameneyu anazilemba zaka zoposa 60 zapitazo, akudziloza chala iye mwini ndi anzake. Mu 1968 anatulutsa buku lina, The Pagan Church, lodzudzula mpingo wa kwawo ku America. Ndipo panali chodzudzula, chifukwa kuyambira 1939 mpaka 1968 mpingo wa Methodist ku America unkaika akhristu ake akuda m'chigawo chawochawo.

Maboma a atsamunda anamva bwino lomwe zimene ankachita, ngakhale otsutsa a lero samva. Nkhondo yomenyera ufulu itabuka ku Angola mu 1961, Apwitikizi anaona mpingo wa Methodist ngati chisa cha oukira, ndipo a Dodge anatsekeredwa khomo la maiko amene Apwitikizi ankalamulira. Mu Julaye 1964, mwezi womwe Malawi analandira ufulu wodzilamulira, boma la Ian Smith, amene anali atangokhala nduna yaikulu miyezi itatu, linawapitikitsa ku Southern Rhodesia. Ngati anali chida cha atsamunda, n'chifukwa chiyani atsamunda a mitundu iwiri, olankhula zinenero ziwiri, onse anawakana? Funso limeneli sindinamvepo yankho lake logwira mtima.

Mpingo unawasankhanso chaka chomwecho ali kunja, ndipo anapitiriza kuyendetsa ntchito ali ku Kitwe m'dziko la Zambia, kumene pambuyo pake anatumikira ku Mindolo Ecumenical Foundation. Msonkhano wa 1964 womwewo unasankha Escrivão Zunguze wa ku Mozambique ndi John Wesley Shungu wa ku Congo kukhala mabishopu. Mu 1968 a Dodge anatula pansi udindo ali ndi zaka 61 zokha, ndipo Muzorewa anakhala bishopu woyamba wakuda wa mpingowu ku Rhodesia. A Dodge anakhala ndi moyo zaka zina 40, mpaka 2008, ndiye sitinganene kuti mphamvu zinali zitawathera. Tayerekezani ndi atsogoleri a mipingo yathu amene mpando amausiya pokhapokha bokosi litafika, kapena mlandu utapita kukhoti.

Tsopano za mbali inayo, chifukwa si zonse zimene amanena zili zachabe.

Choyamba ndi nthaka, ndipo apa akunena zoona. Mishoni ya Old Umtali inayamba pamene Bishopu Joseph Hartzell, amene anafika mu 1897, anapatsidwa tauni yakale ya Umtali ndi maekala pafupifupi 13,000 ndi kampani ya Rhodes, British South Africa Company. Nthakayo inali ya Amanyika, ndipo mphatsoyo inabwera magazi a nkhondo ya 1896 ndi 1897 asanaume. Palibe chifukwa chokometsera zimenezi. Koma mlanduwo ndi wa Hartzell ndi kampaniyo. A Dodge anali asanabadwe. Chimene tingawafunse ndi chimene anachita ndi chuma chimene anachipeza, ndipo yankho ndi lakuti anachipereka m'manja mwa atsogoleri akuda. Pa nthaka yomweyo lero pali Africa University, imene inatsegulidwa mu 1992, kumene amaphunzira achinyamata ochokera m'maiko ambiri a mu Africa.

Chachiwiri n'chakuti mzungu ankalimba mtima motchipa. Iye akalakwira boma ankangokwezedwa ndege, pamene munthu wakuda ankapita kundende kapena kumanda. Izinso n'zoona, ndipo ziyenera kunenedwa mokweza. Mu 1961 abusa ndi aphunzitsi ambiri a Methodist ku Angola anaphedwa, ena anamangidwa. Mmodzi mwa omangidwawo, Emílio de Carvalho, anadzakhala bishopu mu 1972. Mayina a ambiri amene anafa sitiwadziwa, pamene la a Dodge lili m'mabuku. Kumeneko n'kupanda chilungamo, koma mankhwala ake ndi kufufuza mayina a abusawo ndi kuwalemba, osati kufafaniza dzina la munthu amene anaima nawo. Pasipoti ya America inali chishango, inde, koma amishonale ambiri anali ndi chishango chomwecho ndipo anasankha kukhala chete kuti masukulu awo asasiye kulandira thandizo la boma.

Chachitatu n'chimene chimanditopetsa kwambiri. Amati: onani zipatso zake. Muzorewa anadzasainirana pangano ndi Smith mu Malichi 1978, nakhala nduna yaikulu ya Zimbabwe Rhodesia kwa miyezi yochepa mu 1979, ndipo pa chisankho cha 1980 chipani chake chinangopeza mipando 3. Kuchoka apo amati a Dodge anaumba mtsogoleri wokomera azungu. Anthu omwewa amaiwala kuti Muzorewa yemweyu ndiye anatsogolera anthu kukana mgwirizano wa Smith ndi boma la Britain pamene bungwe la Pearce linkafunsa maganizo awo mu 1972, nthawi imene Joshua Nkomo, Ndabaningi Sithole ndi Robert Mugabe anali otsekeredwa. Amaiwalanso kuti mpingo womwewo ndi umene unalera Neto, amene anatsamira ku Soviet Union ndi Cuba. Kodi a Dodge ankaumba zidole za azungu ndi achikomyunizimu nthawi imodzi? Chimene chinachitika n'chakuti anthu anapatsidwa maphunziro, kenako anasankha njira zawo ngati anthu aakulu. Kunena kuti zonse zimene Muzorewa anachita mu 1978 zinachokera kwa mzungu amene anamutumiza kusukulu mu 1958 ndiko kunyoza munthu wakuda, ngati kuti alibe mutu wakewake. Zolakwa za Muzorewa n'za Muzorewa.

Pali chachinayi, chimene otsutsa sachikamba kawirikawiri pomwe ndicho cholimba kuposa zonse. A Dodge anasamutsa mipando, koma sanathe kusamutsa thumba la ndalama. Ndalama za maphunziro aja zinachokera ku America. Mabuku a m'sukulu za ubusa, kaphunzitsidwe kake, malamulo oyendetsera mpingo, zonse zinapitiriza kuchokera kutsidya kwa nyanja. Mbusa amene anaphunzira ku Nashville ankabwerera akudziwa bwino lomwe za John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, koma sikuti ankabwerera ndi mayankho pa za mizimu ya makolo, ufiti, mitala kapena chokolo, zinthu zimene akhristu ake ankalimbana nazo tsiku ndi tsiku. Mpaka lero mbali yaikulu ya ndalama zolipirira mabishopu a mu Africa a mpingowu, umene tsopano umatchedwa United Methodist, imachokera ku America. Zotsatira zake tinaziona mu 2024, pamene msonkhano waukulu wa mpingowu ku Charlotte unasintha malamulo okhudza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo Amethodist a ku Côte d'Ivoire anavota kuti atuluke. Kaya munthu ali mbali iti pa nkhaniyo, zinaoneka poyera kuti mpingo wa mu Africa, ngakhale uli ndi anthu mamiliyoni, ukadali womangika ku zokambirana za kwina.

Apa ndikuvomereza kuti ntchito ya a Dodge inathera panjira. Koma sindivomereza kuti mlandu wonse ukhale wawo. Iwo anali bishopu zaka 12, ndipo zinayi mwa zimenezo anali ku Kitwe, osaloledwa kuponda ku Rhodesia, Angola kapena Mozambique. Atsogoleri akuda akhala pa mipandoyo kuyambira 1964, 1968 ndi 1972. Ngati sukulu za ubusa zikadadikirabe cheke chochokera ku Nashville kapena Atlanta kuti zilipire aphunzitsi, ngati mabuku a zaumulungu m'Chishona, m'Chimbundu kapena m'Chichewa akadali owerengeka, funsolo lipite kwa mabishopu, masinodi ndi akhristu opereka chakhumi a zaka zoposa 50 zapitazi. Vutoli silili kwa Amethodist okha. Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya zachuma pa mpingo wake kuno kwathu akudziwa mmene bajeti imadalira "abale athu akunja". Makiyi a ofesi a Dodge anapereka mu 1968, ndipo ngongole ya kumanga thumba lathulathu yakhala ili pa ife kuyambira chaka chimenecho.