Mwana wa ku Thokoza si mbuli

M'mamawa uliwonse mathekisi amatuluka m'lokeshoni ya Thokoza ku South Africa atadzaza ana a yunifolomu, ulendo wa kumasukulu a ku Alberton, pomwe sukulu ili poteropo pafupi ndi kwawo. Makolowo sakuwononga ndalama dala. Akudziwa kuti kumene kunali masukulu a azungu fizi imalemba aphunzitsi owonjezera ndi kugula mabuku, ndipo mphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina. Kulokeshoni masukulu ambiri ndi aulere, boma limaponyako kangachepe, koma m'kalasi ana ndi thithithi, wakumbuyo samva n'komwe.

Lamulo la Bantu Education la 1953 linafafanizidwa kalekale, koma mpanda wake udakalipo. Kale unali wa khungu, lero ndi wa thumba. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a giredi 4 ku South Africa sangawerenge n'kumvetsa zimene awerengazo, m'chilankhulo chilichonse. Januwale akafika nduna zimavina ndi zotsatira za matric, mayeso a giredi 12, osawerengera anzawo a ana omwewo amene anathera panjira asanafike giredi 12.

Tsono taganizirani mwana wa Mmalawi wochita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni ku Phola Park, m'Thokoza momwemo. Kunyumba ndi Chichewa. Akayamba sukulu amupatsa Chizulu kapena Chisutu, ndipo lilime likangoyamba kuzolowera, giredi 4 yafika, m'masukulu ambiri masamu ndi sayansi zonse m'Chingerezi. Akalephera, ife eni ake ndife oyamba kunena kuti mwanayu ndi wouma mutu. Wouma mutu wotani wolankhula zilankhulo zitatu asanakwanitse zaka khumi?

Apa ndiye pandikwiyitsa, abale anzanga. Ambiri tikubisa ana m'nyumba poopa kufunsidwa mapepala, chikhalirecho mu Disembala 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Makhanda linagamula kuti mwana wopanda zikalata asakanizidwe sukulu. Gawo 29 la malamulo aakulu a dzikoli limapereka maphunziro oyambira kwa aliyense, osati nzika zokha. Mantha ndi omveka, a gulu lolimbana ndi obwera la Operation Dudula tawaona akulondera pazipata za zipatala. Koma msonkhano wa makolo ukaitanidwa, mipando yathu imakhala yopanda anthu, ndipo komiti ya sukulu imagawa ndalama osamvapo n'kamodzi komwe kuti m'kalasi muli ana ofunika wowathandiza kuwerenga. Pitani mukakhale kutsogolo, mufunse kuti kalasi ya mwana wanu ili ndi ana angati, ndipo buku lowerenga akugawana angati.