Tabitha sanayambire ku Inter Milan

 Lero tipumireko nkhani za mayeso, tikambe za mpira.

Mmalawi amene anamwetsapo zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi yaikulu ya ku Italy alipo, ndipo ndi mkazi. Mu sizoni ya 2022/23 Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, anagoletsa zigoli 23 akusewerera Inter Milan mu Serie A ya amayi. Tonse timanyadira zimenezi. Koma ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi njira imene anadzera, chifukwa ndi mmene muli phunziro la ife ogwira choko.

Taonani mndandanda wa matimu ake. Ali mtsikana wamng'ono anasewera mu DD Sunshine ku Lilongwe, pafupi pomwepa. Mu 2014 anapita ku Sweden, ku timu yotchedwa Krokom/Dvärsätts, ya m'ligi yapansi, yomwe ngakhale dzina lake limavuta kutchula. Kumeneko anagoletsa zigoli 39. Mu 2015 anasamukira ku Kvarnsveden, nagoletsa zigoli 43, ndipo timuyo inakwera kulowa mu ligi yaikulu. Mu 2018 anapita ku China, ku Jiangsu Suning, kenako ku Wuhan. A Wuhan ndi amene anamubwereketsa ku Inter, ndipo chaka chotsatira anamubwereketsanso ku Paris Saint-Germain, kumene anatsogolanso pa zigoli mu ligi ya ku France ndi zigoli 19. Mu 2024 anasaina ku Lyon, timu imene inali itatenga kale chikho cha Champions League ya amayi maulendo 8.

Chaka chimene ndimachikonda pa zonsezi ndi 2017. Chaka chimenecho Kvarnsveden inatuluka mu ligi yaikulu ya ku Sweden, koma amene anamwetsa zigoli zambiri mu ligi yonseyo anali Tabitha, ndi zigoli 26. Zoterezi sizichitika kawirikawiri. Okonda mpira wa ku Italy amakumbukira Igor Protti, amene mu sizoni ya 1995/96 anagoletsa zigoli 24, kufanana ndi Giuseppe Signori wa Lazio pamwamba pa onse, pamene timu yake ya Bari inali kutsika. Wosewera kutsogolo mu timu yofooka salandira mipira yambiri. Ikabwera iwiri kapena itatu pa gemu yonse, ayenera kuigwiritsa ntchito. Matimu akuluakulu akamafuna osewera amayang'ana zimenezo.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Inter, Paris ndi Lyon anakolola zimene ena anadzala. Timu yofunika kwambiri pa moyo wa wosewera ndi yoyambayo, yopanda ndalama, imene inamupatsa mpira ndi malo oti asewere sabata iliyonse. M'mera mpoyamba. Kwa mtsikana wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muno, timu yoyamba imeneyo singakhale kwina koma pasukulu. Pamudzi bwalo ndi la anyamata, ndipo madzulo iye amakhala ali kumjigo kapena kumunda wa fodya.

Nanga pasukulu zathu zikuyenda bwanji? Tsiku la masewero likafika, anyamata amatenga mpira wamiyendo n'kulanda bwalo lalikulu, atsikana n'kupita ku ntchemberembaye. Palibe lamulo limene linalembedwa kuti zizitero. Tinangozolowera. Sindikunyoza mpira wamanja ayi, ma Queens atichotsa manyazi kwa zaka zambiri. Koma mtsikana amene mphatso yake ili m'miyendo timamutumiza kukaimba nyimbo zochemerera anyamata, mpaka amamaliza Fomu 4 asanamenyepo mpira pa gemu yeniyeni.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu munganene. Choyamba, mpira umasokoneza maphunziro, ndipo mwana wamkazi ali kale ndi zambiri zomutchinga kuti afike pa MSCE. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma atsikana amene timawataya pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 4 sitiwataya chifukwa cha mpira. Amapita ndi mimba, ukwati, kusowa fizi ndi mtunda wautali. Mwana amene akudziwa kuti Lachisanu timu ikumudalira amakhala ndi chifukwa chinanso chobwerera kusukulu Lolemba. Sukulu ingathenso kuika lamulo loti wojomba m'kalasi salowa m'bwalo.

Chachiwiri, ndalama palibe. Zoona, koma mpira umene anyamata amasewera unagulidwa ndi ndalama zimene makolo a atsikana anasonkha nawo. Kugawana masiku a bwalo sikulira tambala.

Chachitatu, munganene kuti Tabitha ndi mmodzi pa anthu mamiliyoni. Komatu m'nyumba yomweyo munatuluka awiri. Mng'ono wake Temwa anadzeranso ku Kvarnsveden ndi ku Wuhan, ndipo mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America akusewerera Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ngati banja limodzi la ku Rumphi linapereka awiri, sindikhulupirira kuti Dowa yense alibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo ngakhale pasatuluke katswiri, timaphunzitsa masamu kwa ana onse ngakhale tikudziwa kuti si onse adzakhale mainjiniya.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchikonzekera. Tabitha anauzapo atolankhani mu 2021 kuti ali wamng'ono anakakamizidwa kuvula pa gemu kuti anthu atsimikize kuti ndi mkazi, chifukwa ankasewera bwino kwambiri. Mtsikana wamphamvu m'bwalo amanenedwa mayina, nthawi zina ndi akuluakulu omwe. Mphunzitsi amene wayambitsa timu ayenera kukhala woyamba kumuteteza, ndipo amayi a mother group ayenera kudziwa za timuyo kuyambira tsiku loyamba kuti akalankhule ndi makolo.

Pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi a zamasewero, teremu ikubwerayi patulani tsiku limodzi pa sabata loti bwalo lalikulu likhale la atsikana. Mukamakonza gemu ndi sukulu yoyandikana nayo, auzeni kuti mubwera ndi matimu awiri a mpira wamiyendo. Ahedi, musadikire kalata yochokera kuboma. Inunso ophunzira athu akale amene muli pantchito ku Lilongwe, ku Mponela ngakhale ku Joni, mukamabwera kudzaona makolo pa Khirisimasi, tengani mpira umodzi, mukaupereke kusukulu kwanu ndipo munene momveka kuti uwu ndi wa atsikana.