Nkhukutembo ikunamiziridwa kuti imagonetsa

Chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukamatha, kankhani kena kamabwerera: akuti nyama ya nkhukutembo ili ndi mankhwala ogonetsa, n'chifukwa chake anthu a ku America amasinza akangomaliza phwando la Thanksgiving. Phwandoli limachitika Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala, ndipo ndiwo yake yaikulu ndi nkhukutembo yootcha. Ku Britain mbalame yomweyi amaidya pa Khirisimasi. Nkhaniyi ndi yabodza, ngakhale kuti inamera pa kachoonadi kakang'ono.

Kachoonadiko ndi aka. M'nyama ya nkhukutembo muli tryptophan, kamodzi mwa tizidutswa timene timapanga zakudya zomanga thupi. Thupi silingadzipangire lokha kachidutswa kameneka, limakapeza m'chakudya basi. Kakafika mu ubongo kamasandulika serotonin, kenako melatonin, imene imathandiza munthu kupeza tulo. Ofalitsa nkhaniyi amalekera pomwepa.

Chimene satchula n'chakuti nkhukutembo siiposa nyama zina. Mu 2007 madokotala awiri, Rachel Vreeman ndi Aaron Carroll, analemba m'magazini ya British Medical Journal kuti nkhukutembo, nkhuku ndi nyama ya ng'ombe zili ndi tryptophan wofanana ndithu, pafupifupi magalamu 0.3 pa magalamu 100 alionse, ndipo nkhumba ndi tchizi zimaposa pamenepo. Nkhukutembo ikanakhala yogonetsa, bwenzi nkhuku ya pa Khirisimasi ikugwetsa mudzi wonse.

Komanso tryptophan salowa mu ubongo mwaufulu. Khomo lake ndi limodzi ndi la tizidutswa tina tochuluka kuposa iye, tomwe timabwera naye m'nyama yomweyo, ndipo pa mpanipani umenewo wochepa ndiye amatsalira. Chodabwitsa n'chakuti zimene zimamutsegulira njira ndi zakudya zokhutitsa ndi zotsekemera: zimakweza insulin, insulin n'kukankhira tizidutswa tinato m'minofu. Ndiye onani mbale ya Thanksgiving: mbatatesi yoponda, buledi, zitumbuwa za maungu zothira shuga, vinyo pambali, munthu n'kuwonjezera kawiri katatu, nthawi ili masana pomwe thupi limafooka kale. Amene anadyapo nsima yambiri dzuwa lili paliwombo akulidziwa tulo limeneli, nkhukutembo palibe.

Ena anganene kuti ndi nthabwala chabe, sipweteka munthu. Sindikuvomereza. Woyendetsa galimoto akakhulupirira kuti wamufoola ndi nyama, amaiwala mabotolo amene wamwa. Kholo likazolowera kunena kuti "n'chakudya chamugonetsa", likhoza kuchedwa ndi mwana wofooka amene akuvuta kudzutsa, pomwe chimenecho ndi chizindikiro choopsa chofunika kuthamangira nacho kuchipatala, kaya mwana wadya chiyani.

Choipa china n'chakuti bodzali limachititsa tryptophan kuoneka ngati chinthu chochiopa, chikhalirecho kwa ife odya chimanga vuto ndi kuperewera kwake. Thupi limapanga vitamini wotchedwa niacin kuchokera ku tryptophan. Chimanga chili ndi tryptophan wochepa, ndipo niacin amene alimo thupi limavutika kumuyamwa. Munthu wodalira nsima yokha popanda ndiwo zokwanira amadwala pelagra: khungu la m'khosi ndi la kunja kwa manja limada n'kumasupuka ngati lapsa, amatsegula m'mimba, mutu n'kuyamba kusokonekera. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kuno ku Malawi anadwala matendawa, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira.

Choncho alangizi a zaumoyo, kholo likakufunsani za nkhukutembo, liuzeni kuti ndi nyama ngati nkhuku, mwana atha kudya osaopa. Kenako lifunseni kuti phala la mwanayo likumathiridwa nsinjiro kapena soya kangati pa sabata, komanso kuti usipa, nyemba kapena dzira zinaoneka liti pa mbale yake.